Mukati resiling'i ni yabodza, mukunena bodza liti?

Tsiku lina ndinali pa babashopu ku Kapata kudikira kuti andimete, TV ili pamwamba paja ikuonetsa resiling'i, ana atatu aima pakhomo kusuzumira chifukwa mwini shopu sawalola kulowa, ndiye bambo wina wachikulire amene anali pampando wometera anangoti, "Koma inu, anthu akuluakulu andevu zanu kumaonera zabodza izi?" Anthu anaseka nkhani nkuthera pompo. Ine sindinaseke, ndipo kuchokera tsiku lija mawu aja akhala akundizungulira m'mutu, chifukwa abambo aja sananame ayi, bodza mu resiling'i lilimo, koma limene iwo analoza si limene liyenera kutipweteka ife.

Tiyambe ndi chimene aliyense amadziwa. Inde, wopambana amasankhidwiratu anthu asanalowe mu ring'i. Sichinsinsi ichi, eni ake a kampani ya resiling'i ya WWE, nthawi imeneyo ikutchedwa WWF, anavomera okha mu 1989 pamaso pa opanga malamulo a ku New Jersey kuti zimene amachita ni zosangalatsa anthu chabe osati mpikisano weniweni, ndipo anavomera dala pofuna kuti boma lisiye kuwayang'anira ngati mmene limayang'anira nkhonya. Ndiye ukabwera lero nkumandiuza kuti zija ni zokonza, ukundiuza chinthu chimene mwini wake ananena kalekale ambirife tikali ana. Agogo akamati "Panangokhala," ife nkuyankha kuti "Tili tonse," palibe mwana amene ankaimirira kunena kuti agogo mukunama kalulu salankhula. Tinkadziwa, koma tinkamvetsera mpaka moto kuzima chifukwa mkati mwa nthanoyo munali zoona za ife eni. Resiling'i ni nthano yosimbidwa ndi thupi, kusiyana kwake nkwakuti thupilo ni lenileni ndipo pansi pogwerapo mpouma, matabwa ndi zitsulo zokutidwa ndi kansalu. Owen Hart anagwa kuchokera kudenga la bwalo ku Kansas City mu May 1999 akumutsitsa ndi zingwe, anafa ali ndi zaka 34. Big E anathyoka khosi mu March 2022 atamuponya kunja kwa ring'i nkugwera mutu, TV ikuonetsa pompopompo. Zimenezo palibe anazilemba papepala.

Bodza limene ine likundiwawa ni lina, ndipo amene tinakulira m'mavidiyo sho a m'makomboni tikulipira timakobili kuti tikhale pa benchi mumdima tinalimeza osadziwa. Mukumukumbukira Kamala? Chimunthu chachikulu chija chopanda nsapato, nkhope yopaka zoyera, pamimba atajambulapo mwezi ndi nyenyezi pachifuwa, chosalankhula koma kumangolira ngati chilombo nkumadzimenya pamimba, akuchitsogolera munthu wovala chigoba ngati akukoka ng'ombe kupita ku dibi. Ankalengeza kuti ni chimphona cha ku Uganda, mpaka kumati anali mlonda wa Idi Amin. Ife tinkakuwa kuti wathu uyo, wa ku Africa uyo! Munthu uja dzina lake linali James Harris, wobadwira ku Mississippi mu 1950, anakula akutola thonje m'minda ya eni ake ndipo anayendetsako mathiraki. Chithunzi chija anamupangira ni Jerry Lawler ndi Jerry Jarrett ku Memphis mu 1982, ndipo munthu wosauka wofuna nchito anavala chimene anamuveka. Sindikumuda James Harris ine, mapeto ake ngomvetsa chisoni, matenda a shuga anamudulitsa miyendo yonse iwiri ndipo anamwalira mu August 2020. Koma taonani chimene dziko lonse linkaphunzira za ife kudzera mwa iye, kuti munthu wa ku Africa salankhula, savala nsapato, ndipo sadziwa ngakhale kuti mnzako umamugoneka chagada kuti refa awerenge. Sizinathere pa iye. Mu 1988 anatenga mzungu nkumutcha Akeem nkumati wapeza mizu yake ku Africa, akuvina movinitsa manja moseka ife. Mu 1990 anatenga Tony Atlas, munthu amene anali kale ndi dzina lake lolemekezeka, nkumupatsa mkondo ndi chishango nkumutcha Saba Simba. Limeneli ndiye bodza, ndipo ife tinaliwombera m'manja.

Nchifukwa chake ndikufuna kukamba za Kofi Kingston, chifukwa kwa ine nchito yake yonse ni nkhani ya munthu amene analowa m'nyumba ya bodza limeneli nkutulukamo ndi dzina la kwawo.

Anabadwira ku Kumasi ku Ghana pa 14 August 1981, tsiku Lachisanu, ndipo kwa Aakani mwana wamwamuna wobadwa Lachisanu ndiye Kofi, dzina lake lonse ni Kofi Nahaje Sarkodie-Mensah. Makolo anapita naye ku America ali wamng'ono, anakulira ku Massachusetts, kusekondale ankachita zogwetsana zenizeni zija za mpikisano, anamaliza maphunziro ku Boston College nkuyamba nchito ya mu ofesi ngati mwana aliyense wa makolo ophunzira. Kenako anasiya. Tangoganizani mwana wanu mwamuphunzitsa mpaka digiri, wayamba kulandira pamwezi, akubwera kudzakuuzani kuti amama ndasiya nchito ndikufuna ndizikagwetsana ndi anthu nditavala kabudula wamkati. Kuno kwathu tikanaitana amalume ake kuti adzamukhazike pansi, enanso akanati pitani naye kutchalitchi akamupempherere. Iye anapita, WWE inamulemba mu 2006, ndipo mu January 2008 anaonekera koyamba pa TV.

Koma anaonekera ngati ndani? Ngati Mjamaika. Kalankhulidwe ka ku Jamaica, mitundu ya mbendera ya ku Jamaica, dzina loti Kingston lochokera ku likulu la dziko limene si lake. Mwana weniweni wa ku Africa, woyamba kufika pamenepo ali ndi mpata wokula, anaona kuti Ghana sigula malonda, anthu a kumeneko Jamaica amaidziwa ndipo amaikonda koma Africa amene ankamudziwa ni uja wa Kamala. Ndiye onani mmene zinthu zinapotokera, wa ku Mississippi ankanamizira kukhala wa ku Uganda kuti adye, wa ku Kumasi ankanamizira kukhala wa ku Jamaica kuti adye. Ena amamunena Kofi pamenepa kuti anachita manyazi ndi kwawo, ine ndimakana. Ife a kummawa tisamafulumire kuloza chala pa nkhani iyi. Agogo athu ankayenda wapansi kupita kumapulazi a ku Walale ndi kumigodi ya ku Joni, akafika bwana akulephera kutchula dzina nkungowapatsa lina la chiwiya cha kukhitchini kapena la ndalama, iwo nkuvomera chifukwa kumudzi kunali msonkho wodikira ndi ana ofuna zovala. Ngakhale lero lino ndi angati amene akatsika basi ku Intercity ku Lusaka amasintha lilime pompo kuti asadziwike kuti achokera ku Chadiza kapena ku Vubwi? Wanjala sasankha mbale. Chofunika nchakuti ukakhuta umakumbuka dzina lako kapena ayi.

Kofi anakumbuka. Nkhani yakuti ni wa ku Ghana inatuluka pa BBC mu 2008, ndipo chakumapeto kwa 2009 anataya kalankhulidwe kaja, olengeza nkuyamba kunena kuti akuchokera ku Ghana, West Africa. Ndipo chonde muone chimene sanachite, sanavule nsapato, sananyamule mkondo, sanapake nkhope. Anangokhala munthu wolankhula bwino, wothamanga, wodumpha ngati gwape, amene kwawo ni ku Ghana basi. Kwa ine chimenechi nchachikulu kuposa lamba aliyense amene anadzapata pambuyo pake.

Chaka chomwecho anatsala pang'ono kukwera pamwamba. Anamuika pa mkangano ndi Randy Orton, ndipo ku Madison Square Garden mu November 2009 anadumpha kuchokera pamwamba nkumugwera Orton pathebulo mpaka kuthyoka, bwalo lonse linaimirira. Aliyense ankati uyu chaka chamawa atenga lamba wamkulu. Kenaka mu January 2010 pamapeto a ndewu ina zinthu sizinayende monga anapanganirana, Orton anakwiya nkumukalipira pamaso pa anthu kuti ni chitsiru, ndipo kuchokera pamenepo Kofi anabwerera pakati pa mndandanda. Anakhala pamenepo zaka ndi zaka. Analandira lamba wa Intercontinental kanayi, wa United States katatu, malamba a awiriawiri osawerengeka, koma onsewa ni aja amapatsa munthu wodalirika amene sakufuna kumukweza, ngati kalaliki amene amaphunzitsa nchito mabwana atsopano chaka chilichonse iye ali pa desiki yomweyo. Pa Royal Rumble, ndewu ya anthu ambiri imene umatuluka akakuponya kunja mapazi onse awiri nkugunda pansi, ndiye ankamugwiritsa nchito ngati zokometsera, mu 2012 anayenda ndi manja kuti mapazi asagunde pansi, mu 2013 anadumphadumpha ndi mpando wa olengeza mpaka kubwerera ku ring'i, anthu nkusangalala, mphindi zochepa nkumutaya kunja.

Ndipo musaganize kuti moyo umenewu ni wa mfumu. Anthu amenewa kampani siwatenga ngati antchito olembedwa, pamapepala ni makontirakita odziimira okha, alibe yuniyoni, ndipo zaka zimene Kofi ankakwera ambiri ankadzilipirira okha galimoto ndi malo ogona poyenda tauni ndi tauni sabata iliyonse chaka chonse, popanda nyengo yopuma ngati ya mpira. Kunena mwachidule ni ganyu, ganyu ya ndalama zambiri inde koma ganyu ndithu, ukathyoka wina alowa pamalo pako mawa lomwe. Eddie Guerrero anafa mu 2005 ali ndi zaka 38, Umaga mu 2009 ali ndi zaka 36. Munthu kukhala m'nchito yotere zaka zoposa khumi osamveka ndi mbiri yoipa, osasowa pa nchito, akugwa chagada usiku uliwonse nkudzuka kukwera galimoto, ameneyo ine ndimamuvulira chipewa ngakhale asanapate kanthu.

Za gulu lake la New Day ndidutsapo msanga ngakhale zili ndi nkhani yake. Mu 2014 anamuphatikiza ndi Big E ndi Xavier Woods, kampani nkuwapatsa chithunzi cha alaliki okondwa oimba ndi kuwomba m'manja, chimenenso ni kabokosi kena komwe amaikamo anthu akuda kumeneko. Anthu anawakana poyamba, ankawakuwiza. Atatuwa anachitenga chinthu chakufacho nkuchipotoza mpaka chinakhala chawochawo, ndipo anasunga malamba a awiriawiri masiku 483 kuyambira August 2015 mpaka December 2016, kuposa rekodi ya gulu la Demolition imene inakhala zaka zambiri. Pali anzanga amene amati kuvinavina kuja ndi kuponya zitumbuwa kwa anthu kunamuchepetsa Kofi, kuti munthu wofuna kulemekezedwa sachita zoseketsa. Ndimawamva, ndipo pena ndimagwirizana nawo pang'ono. Koma kusiyana kwa iye ndi Kamala nkwakuti Kamala ankasekedwa, pomwe awa ankaseketsa, nthabwala zinali zawo, mawu anali awo, ndipo amene wakhalapo pa maliro a kuno achimbuya athu Abemba atafika amadziwa kuti woseketsa anthu si munthu wopepuka.

Tsopano 2019. Apa ndi pamene ndimafuna abambo a ku babashopu aja akanakhala pafupi. Mu February chaka chimenecho Kofi sanali m'mapulani a aliyense. Mustafa Ali ndiye amayenera kulowa mu Elimination Chamber, ndewu ya m'chikhola chachitsulo yolimbirana lamba wamkulu, koma anavulala, ndiye anangoti tengani Kofi atseke dzenje. Pa 12 February anamuika mu ndewu ija yolowa mmodzi mmodzi, anakhala mu ring'i kupitirira ola lathunthu, anagonjetsa Daniel Bryan amene anali champiyoni, anagonjetsa Jeff Hardy, anagonjetsa Samoa Joe, nkudzagonja kwa AJ Styles atatheratu mphamvu. Patapita masiku asanu ku Houston anatsala awiri ndi Bryan m'chikhola chija, anagonja, koma anthu anakana kukhala chete. Tauni iliyonse imene kampani inkapita anthu ankangokuwa dzina lake, pa intaneti ndiye osanena. Ndipo apa ndi pamene pali chinsinsi cha nthano ija ndinanena, wosimba amakhala ndi nkhani yake m'mutu koma omvera akasiya kuyankha kuti tili tonse nthano imafa, ndiye wosimba wanzeru amatsata kumene anthu akufuna. Kampani inasintha mapulani. Anatenga zoona zenizeni, zaka 11 za munthu wodikira, nkuziika mu nkhani, Vince McMahon, mwini kampani nthawi imeneyo, akutuluka kudzamuuza kuti si wa pamwamba, kumuchotsa pa ndewu nkuikapo Kevin Owens, kumuikira zopinga sabata ndi sabata, mpaka Big E ndi Woods anachita kumumenyera okha kuti apate mpata, ma Usos, awiri amene ankayenera kulimbana nawo, nkukana kumenyana nawo chifukwa cha ulemu. Zolembedwa zimenezo, inde. Koma chimene chinawakakamiza kulemba sichinalembedwe ndi munthu.

Pa 7 April 2019 ku MetLife Stadium ku New Jersey, pa WrestleMania 35, chionetsero chachikulu cha pachaka cha WWE, kuno kunali kutatsala pang'ono kucha Lolemba. Tinali anthu angapo m'nyumba ya mnzanga ku Kalongwezi, volyumu yotsitsa kuti tisadzutse ana, tiyi atazizira m'makapu. Kofi atamumenya Bryan kiki yake ija yozungulira refa nkuwerenga kufika pa 3, zotsitsa volyumu zinaiwalika, ana anadzuka, agalu a neba anayamba kuuwa. Ana ake aamuna analowa mu ring'i, Woods akulira misozi yeniyeni. Munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wa WWE. Akuda ena analipo, The Rock anautengapo kale mu 1998, Ron Simmons anatenga wa kampani ina ya WCW mu 1992, sindikuwachotsera kanthu, koma wobadwira pa dothi lino anali asanaugwirepo. Ndipo sanathere pomwepo, patangopita milungu yochepa anaunyamula lambayo kupita nawo ku Ghana atakhala zaka 26 osapondako, anakaonana ndi pulezidenti Nana Akufo-Addo ndiponso anakagwada kwa Asantehene, Otumfuo Osei Tutu II, ku Kumasi. Ife amene timadziwa tanthauzo la kupita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, kapena ku Mtenguleni pa Nc'wala, sitifunika kutimasulira kuti munthu akatenga chimene wapata kunja nkukachionetsa kwa mfumu ya kwawo akunena chiyani.

Wina anandifunsapo kuti koma ameneyu ni wathu zoona, poti anakulira ku Boston ndipo Ghana ili kutali ndi Chipata kuposa mmene Joni alili? Funso labwino. Sindikunena kuti Kofi amadziwa mtengo wa feteleza kapena kuti anakwerapo njinga ya hayala kupita ku Saturday Market. Wathu weniweni m'zamanja ni Esther Phiri amene anachoka pogulitsa ndiwo zamasamba ku Mtendere, ni Catherine Phiri amene anakatenga lamba wa nkhonya wa WBC ku Mexico mu January 2016, ni malemu Lottie Mwale. Koma kunja kuja satisiyanitsa, kwa iwo Uganda, Ghana, Zambia ni mudzi umodzi, ndiye chitonzo cha Kamala chinkatigwera tonse mofanana, choncho amene wachichotsa watichotsera tonse.

Chimene sindidzaiwala, ndipo apa ndiye mtima umandiwawa mpaka lero, ni mmene anamuchotsera lambayo. Anausunga masiku 180, anauteteza kwa Kevin Owens, Dolph Ziggler, Samoa Joe, ngakhale kwa Randy Orton yemwe uja wa mu 2010, nkumugonjetsa bwinobwino. Kenako pa 4 October 2019 ku Los Angeles, tsiku loyamba pulogalamu ya WWE ya SmackDown kuonetsedwa pa TV ya Fox, anamuika ndi Brock Lesnar. Belu kulira, Kofi kudumpha, Lesnar kumuwakha m'mwamba nkumuponya pansi kamodzi, refa kuwerenga, basi. Masekondi osakwana 10. Kugonja sindikukana, lamba aliyense amachoka, ndipo Lesnar ni chimunthu choti kugonja kwa iye si manyazi. Koma akanamupatsa mphindi 15 kuti amenye nkugwa ngati mwamuna. Anachita dala mwachangu chifukwa ankafuna nthawi yotulutsa Cain Velasquez wa ku UFC, kumene amamenyana zenizeni, kuti adzayambane ndi Lesnar, ndiye zaka 11 za munthu anazisandutsa chopondera cha mlendo. Sanamupatsenso ndewu yobwereza, sabata zotsatira anamubweza ku malamba a awiriawiri ngati palibe chinachitika. Apa ndi pamene pamaonekera mphamvu yeniyeni ya m'nchito imeneyi, anthu akhoza kukuwa mpaka bwana kugonja kamodzi, koma cholembera chimakhalabe m'thumba mwa bwana.

Ena amati zimenezi zikutsimikiza kuti zonse zinali zachabe, kuti anangomubwereka lamba kuti anthu atonthole. Ine ndimayang'ana zimene zinabwera pambuyo. Mu March 2021 Bobby Lashley, wakuda mnzake, anatenga lamba yemweyo, mu September chaka chomwecho Big E, wakudanso, anautenga. Omos wobadwira ku Lagos analowa ngati chimphona koma atavala zovala ngati munthu wina aliyense. Oba Femi, wa ku Lagos nayenso, amene ankaponya chitsulo cholemera pa yunivesite ya Alabama, anatenga lamba wa NXT, nthambi ya WWE ya ongoyamba kumene, mu January 2025 akulankhula ndi lilime la kwawo mosabisa ndipo anthu akumuopa, osati kumuseka. Sindinganene kuti zonsezi anachita ni Kofi yekha, ndipo matenda akale sanatheretu, mu 2021 momwemo anamupatsa Apollo Crews mkondo kuti aoneke Mnaijeriya. Koma ana aja oima pakhomo la babashopu, amene madzulo amakagwetsana pa mulu wa mchenga ku Magazine kapena ku Navutika uku amayi awo akuwakalipira kuti muthyolana makosi, ndipo amayiwo akunena zoona chifukwa aja a pa TV anaphunzira zaka kuti adziwe kugwa, anawo akamasankhana maina lero ali ndi munthu wa ku Africa woti amutchule amene amalankhula ndi kuvala nsapato. Ife tinalibe.

Ndewu ya Lesnar ndi Velasquez imene anamuperekera Kofi nsembe inachitika ku Riyadh pa 31 October 2019, inatha mphindi ziwiri chabe, ndipo mu April 2020 Velasquez anachotsedwa pa kampani. Kofi yemwe anamugwetsa m'masekondi uja, mu November 2019 anali atanyamulanso lamba wa awiriawiri ndi Big E, akutuluka Lachisanu lililonse kudzagwa chagada pa matabwa aja, wolengeza akunenabe kuti akuchokera ku Ghana, West Africa.